Golosale Yathu Ilibe Dzina

Aulutsi, ndiwerengereniko nkhani yangayi, mwina mwini wake akumvera.

Ine ndi amuna anga tinamanga kagolosale m'mbali mwa msewu ku Golomoti. Tsiku lolemba dzina tinakangana pamaso pa wopenta. Ine ndinkafuna "Tiyamike", iwo ankati dzina limenelo lili paliponse, palibe angalikumbuke. Wopentayo atatopa nafe anangopaka laimu pamwamba pa chitseko n'kumapita.

Sabata yomweyo bambowo ananyamuka ulendo wa ku Joni kukafuna ntchito. Pokwera basi anati, "Amake mwana, musalembepo kanthu. Ndikabwera tidzasankha limodzi."

Papita zaka zisanu tsopano, ndipo foni yawo inasiya kupezeka chaka chachiwiri. Akulu anga amandiuza kuti, "Lembani Tiyamike wanuyo, akuletsani ndani?" Koma ine dzinja likatha ndimangopakanso laimu pamalopo.

Lero akabaza ndi makondakitala onse amangoti "pa Yopanda Dzina", ndipo mlendo sasochera. Bambo, munkafuna dzina losaiwalika, lapezeka lokha. Mukadzatsika minibasi mudzangotchula limenelo, adzakufikitsani pakhomo. Burashi ija ndinasunga.