Mbewa za m'Labu ndi Denga la Apongozi

Knowledge, mphunzitsi wa sayansi ku Bindura, anatumidwa ndi mkazi wake Estele ku Aerodrome, dera la m'tauni momwemo, ndi ntchito imodzi yokha: bambo ake a Estele, a Tobiasi, asakwere padenga. Mkuluyo anali atangochotsedwa pulasitala pamkono, adokotala atanena kuti mafupa ake apepuka ngati bango, koma mvula inali pafupi ndipo lata limodzi linkadonthera pabedi penipeni.

Knowledge anawapeza atatsamiritsa kale makwerero kukhoma, misomali ili kukamwa.

"Baba, mafupa anu sangapirire kugwa kachiwiri."

A Tobiasi analavulira misomali m'manja. "Mafupawa ndimayenda nawo ndine, a mukwasha." Mukwasha ndi mmene amatchulira mkamwini kumeneko.

Knowledge kunyengerera sankakudziwa, ankangodziwa kuphunzitsa. Choncho anayamba ndi mbewa. Anati akatswiri akunja amaweta mbewa m'labu n'kuzichotsa jini imodzi, kalangizo kamene thupi limabadwa nako, ndipo zimakula ndi mafupa onenepa, olimba kuposa a zinzake.

Mkuluyo anachotsa phazi pamakwerero. Nkhani ya mbewa sankaimvera pothamanga.

"Zamtundu wanji? Kapuku?"

"Zoweta, baba. Zakuda."

"Zikanenepa amatani nazo?"

"Amathyola fupa la ntchafu m'makina kuti ayeze mphamvu yake."

"Nanga nyama?"

"Amaitentha mpaka phulusa. Sadya."

A Tobiasi anavula chipewa kwa kanthawi, ngati kukudutsa maliro. Atachivalanso anati iwo adya mbewa za m'mafamu a ku Mazowe kuyambira ali mwana, mafupa ndi michira yomwe, ndiye ngati kuli za mafupa onenepa, mkamwini waulemu akadabwera nazo khumi pa kamtengo. Knowledge anayankha kuti jini silowa m'thupi kudzera m'mimba.

"Munalawa?"

"Ayi."

"Ndiye mukunyoza ndiwo musanavundukule poto." Phazi linabwerera pamakwerero, linalo n'kulitsatira.

 Knowledge anaona m'maganizo nkhope ya Estele ndi benchi ya kuchipatala. Analankhula mofulumira: m'fupa muli magulu a maselo, ena amakumba fupa lakale, ena amamanga latsopano, ndipo ena okhala m'katikati amatumiza uthenga woti omanga aleke. Jini yochotsedwa m'mbewa ija ndi imene imapanga uthengawo. Munthu akakalamba, okumba amaposa omanga.

A Tobiasi anaima pa sitepe yachitatu. Anali atagwira zaka makumi atatu mumgodi wa ku Shamva, ntchito yawo kuimika mizati kuti thanthwe lisagwere anthu.

"Mukuti okumba ali kutsogolo, oimika mizati atsalira?"

"Tingatero."

"Ndipo wa belu akungoliza loimitsa ntchito?"

"Mulibe belu, baba. Ndi puloteni."

"Kapitawo ali kuti?"

"Mulibe kapitawo."

"Amalowa shifiti nthawi yanji?"

"Satuluka."

Mkuluyo anadzigwira m'chiuno pang'onopang'ono, monga momwe ankagogodera thanthwe asanalowetse anthu. "Aikona. Mgodi wotere sitinkalowamo." Anatsika n'kukhala pa chidebe.

Apa munthu wanzeru akadapempha madzi akumwa n'kutsazika. Koma Knowledge sanasiyepo phunziro pakati, ngakhale ana atathawa m'kalasi. Anawonjezera kuti mwendo wa mbewa ukamasenzetsedwa katundu, maselo aja amachepetsa uthenga woimitsa ndipo fupa limanenepa, kungoti zimayenda bwino kwa mbewa zazing'ono. Zokalamba sizipindula kwenikweni.

"Zazing'ono zimapindula?"

"Kwambiri, baba."

"Zikapanda kusenza?"

"Fupa limaonda."

"Inu muli ndi zaka zingati?"

"Makumi atatu ndi zinayi."

"Choko chimalemera bwanji?"

Knowledge anaganiza kaye, pakuti sankafuna kunama. "Sichifika magalamu khumi."

A Tobiasi anapukusa mutu mwachisoni. Anamutsegula dzanja mkamwiniyo, n'kuikamo misomali yonyowa ija, hamala pamwamba pake. Knowledge, amene ankamva chizungulire akangoima pampando kuti afufute pamwamba pa bolodi, anayang'ana denga, kenako apongozi ake.

"Baba, ine ndimanena za mbewa."

"Ndamva. Lata lili kuseri, mulinyamule nokha kuti fupa lanu lipindule." Mkuluyo anagwira makwerero ndi dzanja labwino lija. "Kwerani, a mukwasha. Makwerero awa ndawatulutsa katatu sabata ino. Estele wachedwa kukutumani."