Gari M'makina a Fotokope

Ine, Efua Mansa Quaicoe, wa zaka 43, kwathu ndi ku Elmina koma ndimakhala ku Ashaiman. Ndimayang'anira ofesi pakampani yoombola katundu padoko la Tema.

Mwezi wathawu abwana anga, a Ocansey, ankafuna makina a fotokope. Amene ankalimbirana ntchitoyi ndi a Kpakpo Allotey ndi mlongo wawo wamng'ono, mayi Adoley. Awiriwa anagawana shopu bambo awo atamwalira. A Kpakpo amabwereketsa makina atsopano n'kumalipiritsa pa pepala lililonse. Mayi Adoley amagulitsa makina akale okonzedwanso, ndipo ufa wa inki amadzaza okha. Abwana anati aliyense abweretse makina ake tiwayese mwezi umodzi.

Makina a mayi Adoley ankasokosa, koma sanafepo. Makina a achimwene awo anafa kawiri, ndipo chitsulo chake chinali choitanitsa kunja.

Lachitatu m'mawa ndinatsika kukagula waakye, mpunga wophika ndi nyemba, pageti. Pobwera ndinapeza a Kpakpo atagwada pa makina a mlongo wawo, chitseko cha kutsogolo kwa makinawo chili chotsekula. M'manja anali ndi kajumbo koyera. Ine ndinaima pakhomo, pafupi moti nkhope yawo ndinaiona bwino.

Ndinati, "Bambo Allotey, makina anu si awo ali pawindowo?"

Anati, "Aa, Mayi Efua, ndikungomuonera mlongo wangayu. Zinyalala zakezi zidzakuotcherani ofesi."

Anatseka chitsekocho, kajumbo n'kuika m'thumba, n'kutuluka.

Masana ndinkajambula mapepala a kasitomu a makontena anayi. Makina a mayi Adoley aja anayamba kukukuta, kenako kunatuluka utsi. Mapepala enieni odindidwa aja anakodwa m'kati n'kupserera m'mbali. Makontenawo mpaka lero ali padoko.

Ndinaimbira mayi Adoley. Atafika anasolola botolo la inki, n'kukhuthulira pa nyuzipepala. Munali timibulu toyera. Anatola kamodzi, n'kukapukuta pa nsalu yawo, n'kuluma.

Anati, "Gari uyu." Gari ndi chinangwa chopala n'kukazinga chimene timadya kwathu kuno.

Ndinawauza zimene ndinaona. Anakhala pansi pafupi ndi makinawo.

Abwana anaitanitsa a Kpakpo. Atalowa, mayi Adoley anati, "Achimwene, ngakhale gari mwagula wotchipa. Wamchenga."

A Kpakpo anati, "Iwe unanditengera makasitomala a bambo onse."

Mayi Adoley anati, "Anabwera okha. Inu foni simuyankha."

Abwana anaimbira apolisi. Mayi Adoley anawapempha kuti nkhaniyi ikathere kubanja, ndipo anagwada. Abwana anakana. Anatinso ntchito ija aipereka ku kampani yaikulu ya ku Accra, imene imapereka makina, inki ndi wokonza pamodzi, ndipo makina onse awiri achoke tsiku lomwelo.

Apolisi asanafike, a Kpakpo anayamba kutsitsa makina awo pamasitepe ali okha. Atafika pokhota, makinawo anapendekeka n'kuwapanikiza kukhoma. Ndinaona mayi Adoley akuvula nsapato, n'kutsika kukagwira mbali ya kumunsi.

Anati, "Kwezani uko, achimwene. Mugwetsa."

Anatsitsa limodzi mpaka pansi. Apolisi anawapeza pamenepo, onse awiri manja ali bii ndi inki, ndipo anafunsa kuti wodandaula ndi uti.

Ndi zomwe ndikudziwa. Apolisi andiwerengera zimene alembazi ndipo ndavomereza kuti ndi mawu anga.

Wosaina: E. M. Quaicoe