Nkhuku Yanga Inapita ndi Kampani ya Makompyuta

Inu a pawailesi, lengezani kuti ine ndine mZambia woyamba kuno ku Chipata kulimbana maso ndi maso ndi kampani yaikulu ya makompyuta yochokera kunja. Ndinagonja tiyi wa m'mawa asanazizire.

Kampaniyo itafika inapachika mbendera yathu pakhomo, n'kumati ndi ya ife eni dziko. Ndinasiya koleji pakati n'kuyamba ntchito yolowetsa maina a alimi a thonje mu kompyuta. Tsiku lina tinangouzidwa kuti ntchito yathu ikupita ku Indiya, kwa anthu oti msika wathu wa Kapata sanauonepo.

Malume anati, "Mphwanga, kamudandaulire mzungu woyang'anira kampaniyo, koma usapite chimanjamanja."

Ndinagula nkhuku, n'kukagwada mu ofesi tayi ali pakhosi.

"Bwana, akazi anga ndi oyembekezera."

"Pepa, analamula ndi akuluakulu kutsidya kwa nyanja," anatero mzunguyo. Koma nkhuku analandira, dalaivala wake n'kukaiika m'galimoto.

Lero ndimagulitsa mazira owiritsa pa malire a Mwami, ndipo mwana anabadwira kwa apongozi. Anzanga omvera, mbava zovala masutizi musazigwadire.

Koleji sindiidandaula, mayeso ndinkalephera kale. Chimandiwawa ndi nkhuku: makwacha zikwi zitatu, osawerengera chingwe.