Injini Yogogoda ya ku Chinyonga

Pa siteji ya ku Ginnery Corner, bambo wina wovala tayi anayamba kudandaulira mayi amene anali naye limodzi podikira minibasi.

"Galimoto yondisiyira malemu bambo anga, ndikangoiliza m'mawa injini imagogoda ngati munthu akukhoma malata."

"Ndiye kuti oyilo sakukwera msanga. Thamangirani nayo kugalaja isanafe."

"Makaniko anabwera, mayi. Ndinamubweza."

"Analakwanji?"

"Amafuna kuthetseratu phokosolo."

"Nanga si zabwino zimenezo? Ndiye lero mwaisiya kuti?"

"Ili pa njerwa. Matayala ndinagulitsa kalekale."

"Aa! Nanga mumailiziranji?"

"Inu, ikasiya kugogoda, anthu a ku Chinyonga adziwa bwanji kuti ndili ndi galimoto?"