Kachilombo Kenako

M'mwezi wachiwiri wa m'bindikiro wa korona, a Qiu Desheng, dalaivala wokhala m'nyumba yathu yosanja, anatsikira pachipata nkhope ili gwa. Anapeza mlonda, a Pang, atanyamula kamfuti koyezera kutentha kwa thupi.

"Tsegulani, a Pang. Ndikukayezetsa."

"Mwayezetsa m'mawa. Kathonje ndakaona ndi maso angawa kakulowa kukhosi. Mulibe."

"Si zakukhosi. Magazi."

"Mukulavula magazi?" A Pang anabwerera m'mbuyo.

"Ayi! Wina wandiimbira foni." A Qiu anatsitsa mawu. "Amupeza ndi kachilombo."

"Ha! Munayandikana naye?"

"Kwambiri."

"Mamita angati?"

"Akulu, panalibe mita."

"Masiki munavala?"

"Sitinavale chilichonse!"

"Mayo ine!" A Pang anawaloza kamfuti pachipumi, dzanja lina likusaka foni. "Titseka nyumba yonse! Chikepe chomwe! Munagwira chitseko chiti?"

"Osati korona, inu! Kenako. Ka Edzi."

A Pang anapumira m'mwamba, nabweza foni m'thumba.

"Aaa, kameneko? Mukanandiphetsa ndi mtima. Kapumeni, kanatha. Analengeza pachimkuzamawu: chiyambire m'bindikiro, m'boma lathu lino sanapezeke nako ndi mmodzi yemwe."

"Ayeza ndani?"

"Palibe. Anamwino onse ali pa zakukhosi. M'chipinda choyezera magazi mwadzaza makatoni a masiki."

"Ndiye adziwa bwanji kuti kanatha?"

"Sanakapeze. Chosapezeka chiliko?"

"Nanga mnzangayo amupeza bwanji?"

"Amupezera kuti?"

"Kwawo, kutsidya kwa mtsinje. Anagonekedwa m'chipatala."

"Ndiye ndi wa boma lina. Awerengere okha, asatidetsere mbiri."

A Qiu anagwira zitsulo za chipata n'kuzigwedeza.

"Mkazi wanga ndi woyembekezera, a Pang! Ngati ndili nako, mankhwala ayambe msanga, mwana apulumuke!"

"Woyembekezera? Mafuno abwino! Akabadwa mubwere naye, timuyeza kukhosi."

"Sindichoka pano."

"Imani, koma kuseri kwa mzere wachikasuwo. Wotuluka ndi wodwala yekha."

"Ndiye ndikudwala!"

"Mwayezetsa?"

"Mukundikaniza ndinu!"

"Eya. Munthu wosayezetsa sadwala. Mwina wakuimbiraniyo akungokuopsezani."

"Yuexia sanganame pa zotere."

Kamfuti kanatsika pang'onopang'ono.

"Yuexia uti?"

"Ankameta tsitsi kuseri kwa msika."

"Wa kadontho patsaya?"

"Yemweyo."

"Woseka ngati akutsokomola?"

"Mukumudziwa?"

A Pang anayang'ana kumanzere, anayang'ana kumanja. Anasolola makiyi n'kuyamba kutsegula loko wa pachipata.

"Nanga lamulo lija?" anafunsa a Qiu.

"Lamulo lanji? Fulumirani, achimwene. Ndipo tikafika, woyamba ndine. Ndine wamkulu."