Galimoto Yogogoda pa Nkhulambe

Pa siteji ya Nkhulambe, bambo wina atatsika galimoto ya matola anaimitsa mayi wobereka mwana.

"Mayi, iyi musakwere. Kunsi kukugogoda chitsulo."

"Mwina ndi katundu, bambo."

"Katundu amadikira kusintha giya kuti agogode? Dalaivalayu akukwera mtunda ali mu giya folo mpaka galimoto kunjenjemera. Injini ikalemedwa, munthu umabwerera ku thuu."

"Mwamuuza?"

"Ndamuuza kawiri, iye wangokweza wailesi."

"Nanga ina ibwera liti? Mwanayu watentha thupi, ndikuthamangira naye kuchipatala."

"Mwina mawa."

"Ndiye ndikwera yomweyi. Ndikhala kutsogolo, wailesiyo ndizimitsa ndekha. Inu mungondiuza, injiniyo ikamalira bwanji m'pamene ndimukalipire?"