Mkangano wa Timba wa Kuphiri

Malemu anabadwa pamwamba pa phiri la Ntchisi cha m'ma 1880, makolo awo akubisala nkhondo. Tsiku lenileni palibe analilemba. Dzina loti Kezia analandira pobatizidwa mu 1899, ataphunzira kuwerenga pasukulu ya mishoni ku Kongwe.

Mu 1902 anakwatiwa ndi Bambo Kalebe, ofolera nyumba, amene akhala apawa. Mayi ankamweta udzu kuphiri, bambo n'kumafolera, ndipo nyumba zambiri m'mudzi muno sizidontha chifukwa cha awiriwa.

Banja lawo linali ndi mkangano umodzi wokha, ndipo tonse tinaumva mpaka makutu kuwawa. Dzinja likafika, pamwamba pa phiri pamamveka kambalame kakuimba kumwamba kwenikweni, kakuwomba timapiko, koma maso osakaona. Mayi ankati ndi timba yemwe uja wa mizere kumsana ndi kamchira kakafupi, amene amamanga chisa m'munsi mwa udzu. Paubwana wawo, atagona chagada, anamuona timbayo akutsika ngati mwala. Bambo ankakana kwamtuwagalu, amvekere kanthu kochepa ngati chala sikangafike kumitambo. Mayi ankangowakumbutsa kuti timba sachepa ndi mazira ake. Chaka ndi chaka ankawaitana kuti akadzionere okha, koma bambo ankati mkamwini waulemu sagona chagada dzuwa likuswa mtengo.

Mu Novembala 1929 chifuwa chinawagwira mayi athuwa. Tinayesa mankhwala a kumishoni ndi a makolo omwe, osaphula kanthu. Pofika Januwale uno anasiya kudya. Imfa sankaiopa, koma chinkawawawa n'chakuti apita amuna awo asanawakhulupirire.

Lachiwiri m'mawa Bambo Kalebe anatenga ndodo n'kuyamba kukwera phiri, ngakhale bondo lawo ndi lovuta. Tinawaletsa poopa kuti pobwera apeza maliro, koma sanatimvere. Anakagona chagada pa udzu wonyowa mpaka anaona kadontho kakuzungulira pansi pa mtambo. Kenako kanagwa, n'kutera pa udzu chapafupi pomwepo, mizere ili kumsana. Anafika kunyumba dzuwa litapendeka, matope okhaokha, nagwada pamphasa ya odwala n'kuvomera. Mayi anali atasiya kale kuyankhula, koma anamwetulira, ndipo ife amene tinalipo misozi sitinaigwire. Lachitatu m'mawa anatisiya.

Asiya amuna awo, ana atatu, Enoki, Lidia ndi Gideoni, komanso zidzukulu zisanu ndi ziwiri. Tikuthokoza amayi a mpingo amene anawasamalira pa matenda, adzukulu okumba manda, ndi inu nonse amene mwasiya makasu m'munda nthawi ya kupalira ino kudzatipepesa.

Pomaliza, Bambo Kalebe andituma ndinene pamaso pa nonse kuti woimba kumwamba ndi womanga chisa mu udzu ndi mbalame imodzi. Mayi Kezia, mwamva nokha. Usani mumtendere.